ZA UMOYO M'BANJA: DZINO LIKAZULIDWA, LINA LIIKIDWE LITI?

Mwezi uno m'gawo lathu la za umoyo tikambirana za mano. Ambiri a ife timakumbukira kuti tili ndi mano pokhapokha dzino likatichezetsa usiku wonse. Kukacha timathamangira kuchipatala tsaya litatupa, ndipo pempho lathu limakhala limodzi lokha, lakuti dzinolo lichoke. Likachoka ndipo ululu ukatha, timabwerera kunyumba mitima ili m'malo, nkumayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Komatu m'kamwamo ntchito imakhala itangoyamba kumene. Zimene zimachitika pamene panali dzinopo, m'masabata ndi m'miyezi yotsatira, ndizo zimaonetsa ngati kudzatheke kuikapo dzino lina mosavuta kapena ayi.

Masiku ano madokotala a mano ali ndi njira yobwezera dzino imene pa Chingerezi amaitcha implant. Kameneka ndi kachitsulo ka mazinga, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kopangidwa ndi chitsulo chotchedwa titaniyamu. Dokotala amakalowetsa m'fupa la nsagwada kuti kagwire ntchito ya muzu, ndipo fupa likakagwira zolimba amamangirirapo dzino lochita kupanga. Dzino lotere silichotsedwa usiku monga timachitira ndi mano oikirira, limakhala m'kamwa ngati lobadwa nalo. M'nkhani ino kachitsuloka tizikatchula kuti muzu wachitsulo.

Mwina wina anena kuti, "Nanga zimenezi zitikhudza bwanji ife, poti ndi za anthu a ndalama?" Nzoona kuti mtengo wake ngwokwera, ndipo kuno kwathu malo ochitirako zimenezi ngowerengeka. Komabe m'mipingo mwathu muli mabanja amene ayamba kuziganizira. Ena ali ndi ana ogwira ntchito ku South Africa kapena ku Britain amene afuna kuthandiza makolo awo. Ena mwana wawo wagulula dzino lakutsogolo pa ngozi ya njinga, ndipo akuopa kuti adzakula ndi manyazi. Banja lotere lingathe kutaya ndalama zosonkhedwa movutikira chifukwa chosadziwa za nthawi. Ndiponso zimene tinene za kapoledwe ka bala nzothandiza aliyense wozulidwa dzino, ngakhale iye amene sadzaika muzu wachitsulo moyo wake wonse. Mfundo yathu yaikulu ndi iyi: funso la chimene chidzalowe m'malo mwa dzino liyenera kufunsidwa dzinolo lisanazulidwe.

M'MENE BALA LA DZINO LIMAPOLERA

Dzino silikhala m'fupa monga msomali ukhalira m'thabwa. Muzu wake uli m'kadzenje, ndipo pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa ting'onoting'ono tambirimbiri timene timamangirira dzino ku khoma la dzenjelo. Pozula dzino timinyewa timeneti timaduka, ndipo dzenje limadzaza magazi. Tsiku lomwelo magaziwo amaundana nakhala ngati chotsekera, ndipo magazi oundanawa ndiwo maziko a kupola konse.

Pomatha sabata imodzi, m'malo mwa magaziwo mumayamba kumera mnofu wanthete wofiira, wodzaza ndi timitsempha ta magazi. Kenaka fupa latsopano limayamba kupangika kuchokera pansi ndi m'mbali mwa dzenje. Pakati pa masabata 4 ndi 8 nkhama imakhala itatseka pamwamba, kotero kuti munthu akayang'ana pa kalirole amati bala lapola. Koma kunsi kwa nkhamayo fupa limakhala likadali lanthete ngati njerwa yosaotcha. Pofika miyezi 3 kapena 4 mbali yaikulu ya dzenje imakhala itadzaza, ndipo fupalo limapitirira kukhwima mpaka miyezi 6 ndi kupitirira apo. Palibe mankhwala a kusitolo kapena a kumudzi amene angadumphitse thupi masitepe amenewa.

FUPA NALO LIMACHEPA

Nthawi yomweyo imene dzenje likudzaza, pali chinthu china chimene chimachitika mwakachetechete. Fupa lozungulira muzu lilipo chifukwa cha dzino. Dzino likachoka, thupi limayamba kulichotsa fupalo pang'onopang'ono, monga m'mene mzere umaphwera mukazulamo chinangwa. M'chaka cha 2003 Lars Schropp ndi anzake a ku Aarhus, m'dziko la Denmark, adafalitsa zimene adapeza atayeza nsagwada za anthu ozulidwa mano a m'mbali. Pomatha miyezi 12 fupa lidali litachepa m'lifupi mwake pafupifupi ndi theka, ndipo magawo awiri mwa magawo atatu a kuchepako adachitika m'miyezi 3 yoyambirira.

Khoma lakunja la dzenje, loyang'ana ku mlomo kapena ku tsaya, ndilo limachepa koposa. Pa mano akutsogolo khoma limeneli nlopyapyala zedi, kawirikawiri silipitirira milimita imodzi. Likatha, nkhama imalowa m'kati ndipo pamalopo pamaoneka pophwa. Pakapita zaka mpata uli chikhalire, mano oyandikana nawo amapendekera momwemo, ndipo dzino limene linkakumana ndi lozulidwalo potafuna limatalika chifukwa chosowa loliletsa. Ku nsagwada ya kumwamba kuli mphako ya mpweya m'kati mwa tsaya, ndipo ku nsagwada ya pansi kuli mtsempha waukulu umene umapereka kumva ku mlomo. Fupa likachepa, malo otsala pakati pa nkhama ndi mphakoyo kapena mtsemphawo amakhala osakwanira muzu wachitsulo.

Tsono taonani vuto lake. Bala likufuna nthawi kuti lipole, koma nthawi yomweyo ikudya fupa. Makolo athu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo makolo omwewo adatinso zengerezu adalinda kwawukwawu. Pa nkhani ya muzu wachitsulo miyambi yonse iwiriyi njoona, ndipo ntchito ya dokotala ndiyo kuona kuti pa dzino ili, la munthu uyu, mwambi woyenera kuumvera ndi uti.

KUMENE LUSOLI LIDACHOKERA

M'chaka cha 1952 dokotala wina wa ku Sweden, dzina lake Per-Ingvar Brånemark, ankafufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa. Iye adalowetsa tizida ta titaniyamu m'mafupa a miyendo ya akalulu, ndipo pamene adafuna kutichotsa adapeza kuti fupa lakakamira ku chitsulocho kotero kuti kudali kovuta kuzilekanitsa. Kugwirana kumeneku adakutcha osseointegration. M'chaka cha 1965, mu mzinda wa Gothenburg, adaika mizu yotere m'nsagwada ya munthu kwa nthawi yoyamba, ndipo munthuyo adadyera manowo zaka 40 kufikira imfa yake. Madokotala a maiko ena adayamba kuilandira kwambiri njirayi utatha msonkhano umene udachitikira ku Toronto, m'dziko la Canada, m'chaka cha 1982.

Njira ya Brånemark idali yodekha. Dzino likazulidwa ankadikira miyezi yambiri kuti fupa lipoleretu. Akaika muzu ankauphimba ndi nkhama nkudikiranso miyezi 3 ngati ndi nsagwada ya pansi, kapena miyezi 6 ngati ndi ya kumwamba, asanamangirirepo dzino. Chotero munthu ankatha chaka chathunthu ali ndi mpata m'kamwa. Madokotala ena adaona kuti kuteroko nkuchedwa. M'chaka cha 1976 Willi Schulte wa ku Tübingen, m'dziko la Germany, adalongosola njira yoika muzu m'dzenje tsiku lomwelo lozula dzino.

Ambiri adayembekeza kuti muzu woikidwa nthawi yomweyo udzaletsa fupa kuchepa, popeza dzenje silikhala lopanda kanthu. Koma m'chaka cha 2005 Mauricio Araújo wa ku Brazil ndi Jan Lindhe wa ku Sweden, pamodzi ndi anzawo, atafufuza pa agalu adaonetsa kuti khoma lakunja limachepabe ngakhale muzu wachitsulo uli momwemo. Chifukwa chake nchakuti khomalo limadalira timinyewa tija ta dzino lenileni, ndipo chitsulo chilibe timinyewa timeneti.

NTHAWI ZINAYI ZOIKIRA MUZU

M'chaka cha 2003 akatswiri a bungwe la International Team for Implantology adakumana ku Gstaad, m'dziko la Switzerland, nagwirizana kugawa nthawi zoikira muzu m'magawo anayi. Magawo amenewa, atawongoledwa pang'ono pambuyo pake, ndiwo amene madokotala ambiri amatsata mpaka lero.

Nthawi yoyamba ndiyo tsiku lomwelo lozula dzino. Ubwino wake ngwoonekeratu: munthu amachitidwa opaleshoni kamodzi kokha, masiku odikira amachepa, ndipo nthawi zina amatuluka m'chipatala ali ndi dzino longoyembekezera. Koma dzenje la dzino nlalikulu kuposa muzu wachitsulo, choncho muzuwo umangogwira kunsi kwenikweni, monga nsichi yozikidwa m'dzenje loiposa kukula. Dokotala amadzaza mpata wotsalawo ndi timibulu ta fupa lokonzedwa mwapadera. Ngati khoma lakunja lichepa kwambiri, nkhama imalitsatira, ndipo chitsulo chotuwa chimayamba kuonekera m'munsi mwa dzino. Pa dzino lakutsogolo chilema chotere chimaoneka munthu akangoseka, ndipo kuchikonza nkovuta ndithu. M'chaka cha 2019 Jan Cosyn wa ku Belgium ndi anzake adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana napeza kuti mwa mizu 100 yoikidwa tsiku lomwelo, pafupifupi 95 idakhalitsa, pamene mwa mizu 100 yoikidwa bala litapola idakhalitsa pafupifupi 99. Kusiyanaku nkochepa pa pepala, koma kwa banja limene lagulitsa ng'ombe kuti lilipire si kochepa ayi. Nchifukwa chake njira imeneyi imayenera pokhapokha khoma lakunja likakhala lathunthu ndi lochindikala, nkhama ikakhala yolimba, pamalopo pakakhala popanda mafinya, ndiponso kunsi kwa dzenje kukakhala fupa lokwanira kugwira muzu.

Nthawi yachiwiri ndiyo pakapita masabata 4 mpaka 8. Pamenepa nkhama imakhala itatseka, matenda amene adali pa muzu wa dzino amakhala atatha, ndipo fupa limakhala lisanachepe kwambiri. Nkhama yatsopanoyo imathandiza kuphimba bwino fupa limene dokotala angaonjezere ku khoma lakunja. Daniel Buser wa ku Bern, ku Switzerland, ndi mmodzi wa akatswiri amene adalimbikitsa njira imeneyi makamaka pa mano akutsogolo a khoma lopyapyala.

Nthawi yachitatu ndiyo pakapita masabata 12 mpaka 16, pamene mbali yaikulu ya dzenje yadzaza fupa. Imeneyi imathandiza pa mano a m'mbali, pakuti manowa ali ndi mizu iwiri kapena itatu ndipo amasiya dzenje lalikulu limene muzu wachitsulo sungagwiremo msanga. Imathandizanso pamene chotupa cha pa muzu chidadya fupa lambiri.

Nthawi yachinayi ndiyo pakapita miyezi 6 kapena kuposa. Fupa limakhala litakhwima, koma limakhalanso litachepa, kotero kuti kawirikawiri dokotala amayamba waonjezera fupa, ndipo kuteroko kumakweza mtengo ndi kutalikitsa masiku. Komabe pali zifukwa zabwino zodikirira: mwana amene akadakula, mayi woyembekezera, munthu wodwala matenda ena amene ayenera kuyamba athandizidwa, kapenanso banja limene likusonkha ndalama. Kwa otere pali thandizo ili: tsiku lozula dzino dokotala angathe kudzaza dzenje ndi timibulu ta fupa tija nkuliphimba. Kutero sikuletsa kuchepa konse, koma kumakuchepetsa kwambiri. Dziwani kuti zimenezi zimachitika pa tsiku lozulalo. Ndiponso dokotala amene akudziwa kuti muli ndi maganizo oika muzu amazula mosamala koposa, nthawi zina mpaka kulidula dzino m'zidutswa, kuti asaswe khoma lopyapyala lija. Munthu amene wakumbukira kufunsa patapita chaka amapeza kuti mwayi umenewu udapita kale.

MUZU UKAIKIDWA PAFUNIKANSO KUDEKHA

Kuika muzu si kutha kwa ntchito. Tsiku loyamba muzu umalimba chifukwa mazinga ake aluma fupa. M'masabata otsatira thupi limachotsa fupa limene lidavulala pobowola, nkumaikapo latsopano limene limakakamira ku chitsulo. Pakati pa ntchito ziwirizi, makamaka cha m'sabata lachitatu ndi lachinayi, pali nyengo imene kugwira kwakale kwachepa ndipo kwatsopano sikunakwane. Muzu ukagwedezeka pa nyengo imeneyi, thupi limauzinga ndi mnofu m'malo mwa fupa, ndipo muzu wotere umayenera kuchotsedwa. Tsono ngakhale ululu utatha, musatafunire pamenepo nzimbe, chimanga chokazinga kapena mafupa a nyama kufikira dokotala atakulolani. Kawirikawiri pamapita miyezi 2 kapena 3, ndipo ngati padaonjezedwa fupa pamapita nthawi yoposa pamenepo.

ZIMENE ZILI M'MANJA MWATHU

Kusankha nthawi ndi kwa dokotala, koma kusamala bala ndi kwa ife, ndipo malangizo awa ngoyenera aliyense wozulidwa dzino. Lumani thonje limene akupatsani kwa theka la ola kapena kuposerapo. Tsiku loyamba lonse musachukuche m'kamwa, musalavule mwamphamvu, musayamwe chakumwa ndi kachubu, ndipo musagwire bala ndi chala kapena lilime, pakuti zonsezi zimachotsa magazi oundana aja. Kuyambira tsiku lachiwiri chukuchani pang'onopang'ono ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, makamaka mukatha kudya. Idyani zofewa monga phala, nthochi ndi mazira, ndipo phalalo lisakhale lotentha. Mano enawo pitirizani kuwatsuka ndi mswachi. Musaike m'dzenjemo fodya, phulusa, zitsamba kapena mbulu wa mankhwala. Pa ululu imwani mankhwala amene akupatsani kuchipatala, ndipo musaonjezere asipirini mwa inu nokha popeza amachedwetsa magazi kuundana.

Magazi oundanawo akachoka msanga fupa limakhala pamtunda. Pakapita masiku 2 mpaka 4 munthu amamva ululu woopsa wofika mpaka kukhutu, ndipo m'kamwa mumatuluka fungo loipa. Vuto limeneli limachedwetsa kupola, ndipo limagwera kwambiri anthu osuta. Fodya amafinya timitsempha ta magazi timene bala likudalira, ndipo mizu yachitsulo imalephera kawirikawiri mwa osuta kuposa mwa osasuta. Bambo amene akufuna kulipira muzu wachitsulo koma safuna kusiya ndudu ayenera kuganizanso kawiri.

Muuzeni dokotala matenda anu onse dzino lisanazulidwe. Matenda a shuga osasamalidwa bwino amachedwetsa kupola kwa bala ndi kwa fupa. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, mankhwala ena olimbitsa mafupa amene amapatsidwa kwa okalamba ndi kwa odwala khansa, ndiponso chithandizo chootcha khansa cha kumutu kapena kukhosi, zonsezi zimasintha kapoledwe ka nsagwada. Amene ali ndi kachirombo ka HIV ndipo akumwa mankhwala mokhulupirika angathe kupola bwino lomwe, choncho palibe chifukwa chobisira.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Magazi akapanda kuleka ngakhale mwaluma thonje, thupi likatentha, kapena kutupa kukatsikira kunsi kwa chibwano ndi kukhosi mpaka kumeza kapena kupuma kukayamba kuvuta, thamangirani naye kuchipatala wodwalayo nthawi yomweyo. Matenda ochokera ku dzino angathe kutseka njira ya mpweya ndi kupha munthu.

MAWU KWA ACHINYAMATA

Inu anyamata ndi atsikana, mano akutsogolo ndiwo amaguluka kawirikawiri pa mpira, pa njinga ndi pa ndewu. Dziwani kuti muzu wachitsulo suikidwa mwa munthu amene nsagwada zake zikadakula. Dzino lenileni limasuntha pamodzi ndi nsagwada pamene ikukula, koma muzu wachitsulo umangokhala pamene adauika. Ukaikidwa mwa mwana wa zaka 14, pofika zaka 20 dzino lake limaoneka lalifupi ndi lobisala pakati pa anzake. Nchifukwa chake madokotala amadikira kufikira kukula kutatha, cha m'ma zaka 18 kapena kuposa, ndipo anyamata amachedwerapo kuposa atsikana. M'zaka zodikirazo mpata umasungidwa ndi dzino loikirira kapena lomatidwa ku mano oyandikana nalo. Makolo, musamukakamize dokotala kufulumira chifukwa chomvera mwana chisoni.

Koma pali nthawi ina pamene kufulumira ndiko kumapulumutsa. Dzino lachikulire likaguluka lonse ndi muzu womwe, lingathe kubwezedwa nkugwiranso. Timinyewa ta pa muzu timakhalabe ta moyo kwa kanthawi, ndipo timafa dzinolo likauma kwa ola limodzi. Litoleni pogwira mbali yoyera yotafunira, osagwira muzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono mu mkaka, osalipala kapena kulipukuta. Libwezereni m'dzenje mwake moyang'ana bwino, mwanayo alume kansalu koyera, ndipo pitani kuchipatala msanga. Mukalephera kulibwezera, liikeni mu mkaka kapena m'malovu a mwiniwake m'kapu, osati m'madzi kapena m'pepala. Zimenezi nza mano achikulire okha. Dzino la ubwana silibwezedwa, chifukwa lingaononge lachikulire limene likukula kunsi kwake. Aphunzitsi a sukulu zathu ndi atsogoleri a magulu a achinyamata asunge malangizo amenewa, pakuti ngozi zotere zimachitika pamaso pawo. Dzino lobwezedwa likagwira limasunganso fupa lake, chinthu chimene chitsulo sichingathe.

MAFUNSO OTI TIFUNSE

Kwa zaka zambiri dziko lathu lidalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano, ndipo anthu ankafika kuchipatala dzino litaonongekeratu, kotero kuti chithandizo chodziwika chidali kuzula basi. M'chaka cha 2019 sukulu ya College of Medicine, imene tsopano ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences, idayamba maphunziro a udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, dziko limene mpingo wathu uli nalo pa ubale wakalekale. Pamene otithandiza akuchuluka, ifenso tiphunzire kufunsa, pakuti safunsa adadya phula.

Musanakhale pa mpando wozulira, funsani kaye ngati dzinolo lingapulumuke mwa kulimata kapena kutsuka muzu wake, popeza palibe dzino lopanga loposa lobadwa nalo. Ngati liyenera kuchoka ndithu, funsani chimene chingadzalowe m'malo mwake ndi mtengo wa njira iliyonse. Mano oikirira ndi dzino lomangirira ku mano oyandikana nalo ndi njira zabwino zimene zathandiza anthu ambiri, ndipo munthu asachite nazo manyazi. Ngati mukuganiza za muzu wachitsulo, nenani tsiku lomwelo, ngakhale ndalama zisanapezeke. Funsani kuti mwa nthawi zinayi zija yoyenera dzino lanu ndi iti ndipo nchifukwa chiyani. Dokotala wabwino amayamba wajambula nsagwada ndi kuona nkhama ndi mano ena onse asanakuyankheni, pakuti matenda a nkhama amene adagwetsa dzino angathenso kugwetsa muzu wachitsulo.

Amene mukufuna kukachitira zimenezi kunja kwa dziko muwerengere bwino masiku. Ntchito imeneyi siitha pa ulendo umodzi wa masabata awiri. Funsani kuti mudzafunika kubwererako kangati, ndiponso kuti adzakuonani ndani kuno kumudzi vuto likabuka. Chenjerani ndi aliyense wolonjeza dzino la tsiku limodzi asanaone n'komwe m'kamwa mwanu. Ndipo inu ana amene mukulipirira makolo anu, musasankhe njira chifukwa choti tchuthi chanu nchachifupi.

POTSIRIZA

Abale ndi alongo, matupi athu tidachita kupatsidwa, ndipo tidzayankha za m'mene tidawasungira. Mlengi adaika m'kamwa mwathu dongosolo lodabwitsa, lakuti magazi aundane tsiku lake, nkhama itseke sabata lake, fupa likhwime mwezi wake. Madokotala anzeru adafika pamene afikapa chifukwa chophunzira dongosolo limeneli ndi kuligonjera, ndipo ifenso tiyenera kutero. Ndalama za banja nazonso ndi mphatso yoti tiisamale. Si nzeru kulowa m'ngongole chifukwa cha dzino limodzi ana akusowa fizi, komanso si nzeru kulekerera mano mpaka agogo alephere kutafuna chakudya nayamba kuonda.

Choposa zonse, tiyeni tisamale mano amene tili nawo. Titsuke kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, tichepetse shuga ndi zakumwa zotsekemera m'nyumba zathu, ndipo dzino likayamba kuboola tipite kuchipatala lisanatichezetse. Nkhani ino muiwerenge pamodzi pabanja, ndipo muwafotokozerenso iwo amene satha kuwerenga. Ambuye akusungeni nonse kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.